Tinsalu Tofiira ta ku Dambo

Mng'ono wanga timamutcha Tolatola. Mwana ameneyu amatola chilichonse. Amatola mapepala. Amatola zitsekerero za mabotolo. Ukangotembenuka, watola kale!

Tolatola ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuthandiza amayi pa ntchito.

Amayi athu ndi mlonda wa dambo. Dambo limeneli ndi lotetezedwa. Kusaka saloleza. Kutentha saloleza. Kumweta udzu amaloleza tsiku limodzi lokha pa chaka.

Tsiku lina Tolatola anapita ndi amayi ku dambo. Amayi anali kukhoma matabwa a mlatho. Tolatola anaona kansalu kofiira pa udzu.

"Iii, zinyalala!" anatero. Anakamasula.

Anapeza kena. Anakamasulanso. Tonse tinakwana tisanu.

M'mawa mwake anaika tinsalu tija patebulo.

"Amayi, taonani! Ndakuthandizani."

Amayi anagwira kukamwa.

"Mayo ine, mwanawe! Tinsaluti ndinamanga ndine. Pamene pali kansalu pali chisa cha tsekwe. Omweta akakaona amalambalala. Ndiye kumwetako ndi lero!"

Tonse atatu tinathamanga. Tolatola anali patsogolo.

"Apa, pafupi ndi chulu!" Amayi anamanga kansalu.

"Apa, pafupi ndi mlatho!" Amayi anamanganso.

Tinapeza zisa zinayi. Chachisanu, kaya! Tolatola anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Udzu wonse unali wofanana. Anayamba kulira.

Omweta anali atafika kale. Zikwakwa zinali m'manja. Bambo wina wachipewa chachikulu anabwera pafupi.

"Ukuliranji, mwanawe?"

"Ndaiwala pamene pali chisa. Mudula mazira a tsekwe."

Bambo uja anayang'ana dzuwa. Anayang'ana udzu. Kenako anaika chikwakwa pansi.

"Anzanga, tulani zikwakwa. Tiyambe tafuna chisa."

Ena anang'ung'udza. Koma onse anatula. Anandanda mzere. Anayenda pang'onopang'ono. Ankapatula udzu ndi manja.

Anafuna. Anafunabe. Dzuwa linafika pamutu.

Mwadzidzidzi, phaaa! Tsekwe anauluka pamapazi pa bambo uja.

"Ichi chisa! Mazira asanu ndi limodzi!"

Tolatola anamanga yekha kansalu kaja. Anamanga mfundo ziwiri.

"Zikomo, bambo. Zikomo nonse," anatero.

Tsiku limenelo omweta anapita ndi mitolo yochepa. Ine zinandikhudza kwambiri.

Patapita masabata awiri, mazira anaswa. Tinaona tsekwe akusambira. Ana ake anali pambuyo, ndondondo.

Tolatola anati, "Tiyeni tikawauze bambo aja."

Amayi anatenga mitolo yathu iwiri ya udzu. Wina anasenza okha. Wina tinagwirizana awiri.

Bambo uja tinamupeza pamwamba pa nyumba. Anali kufolera denga. Udzu unali utamuthera. Mbali ina inali yosafolera.

"Bambo! Aswa! Aswa onse!" anakuwa Tolatola.

"Onse asanu ndi limodzi?"

"Onse!"

Bambo uja anaseka mpaka chipewa chinagwa.

Tinatula mitolo yonse iwiri. Amayi anati, "Iyi ndi yanu, bambo. Munatithandiza."

"Zikomo, mayi. Ndimati chaka chino mvula indinyowetsa pabedi."

Tolatola ankapereka udzu. Ine ndinkagwira makwerero. Bambo uja ankafolera. Denga linatha tsiku lomwelo.