Nyemba Zitatu za Chisamba

"Ine zakumunda ndinabadwa nazo," anatero a Kalaliki atatsamira mpanda. "Mbewu ikangotulutsa mutu, ndimaidziwa dzina ndi fuko lake lomwe."

A Telala, oyandikana nawo nyumba, anagwedeza mutu mwaulemu. Akazi awo a Kalaliki ankayanika matewera chapafupi, ndipo anamva zonse. Anangokumbukira kuti mlimi yemweyu anathirirapo duwa lapulasitiki la pabalaza mwezi wathunthu, n'kumadandaula kuti likuchedwa kukula.

Inali nyengo imene mitengo imaphukira masamba anthete, ndipo kuseri kwa nyumba chilichonse chinkamera, chofunika ndi chosafunika chomwe. Pafupi ndi mpopi panali nyemba zitatu za Chisamba, mwana wawo woyamba, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Aphunzitsi anapatsa mwana aliyense njere zitatu kuti akadzale kwawo, ndipo Lolemba aliyense ankayenera kukanena kutalika kwa mbewu zake. M'mawa uliwonse Chisamba ankaziyeza ndi rula, mlongo wake Mzime, wa zaka zitatu, atamugwirira kope mozondotsa.

Loweruka mayi anapita ndi ana kukagula nsapato. A Kalaliki anavala chipewa, n'kutenga khasu. Anapalira mwakhama ndithu, mpaka pansi ponse panayera kuti mbee. Posonkhanitsa zinyalala m'pamene anaona timbewu titatu, kalikonse kali ndi kaulusi kofiira kamene Chisamba anamangirira. Anayang'ana uku ndi uku, n'kukwirira zonse m'dzenje.

Atangofika, Chisamba anathamangira kumpopi.

"Adadi, nyemba zanga zili kuti?"

"Nkhuku, mwanawe," anatero a Kalaliki akupukuta thukuta. "Thadzi uja wa a Telala. Ndamuona ndi maso angawa."

"Nkhuku yolimbikira ntchito," anatero mayi chapansipansi, akuyang'ana pamene panadutsa khasu.

Chisamba sanadye. Madzulo anakaima pampanda, n'kuuza a Telala kuti iye ndi nkhuku yawo chibale chatha.

M'mawa mwake a Telala anagogoda pachipata. Anali atakwapatira thadzi womangidwa miyendo, mpeni uli kudzanja. Pambuyo pawo pankabwera akazi awo, kamdzukulu kawo kakulira, ndiponso anapiye asanu ndi mmodzi amene ankalondola mayi wawo. Amayi awiri odutsa ndi ndowa anaima kuti aone.

"Achimwene, ndagona ndi manyazi," anatero a Telala. "Chiweto choliza mwana wa eni ake sindisunga. Tichiphe pompano, ndiwo zake mudye ndinu."

A Kalaliki anatsokomola ngati mmene amachitira ku ofesi. "Nkhani ngati izi, a Telala, zimafunika kufufuza kaye bwinobwino."

"Kufufuzanso chiyani, bambo a Chisamba?" anafunsa mayi. "Si paja munaona ndi maso?"

A Telala anayamba kunola mpeni pamwala. Mzime ananjuta n'kumawerenga anapiye: "Wani, wani, wani." Chisamba anawayang'ana anapiyewo nthawi yaitali, kenaka anakoka malaya a bambo ake.

"Adadi, nanga anawa azigona ndi ndani? Alekeni, ndingokawauza aphunzitsi kuti ndinalephera kusamala."

A Kalaliki anayang'ana mwana wawo, amene anali wokonzeka kusenza mlandu wosakhala wake.

"Ndinazula ndine," anatero.

"Mwati bwanji?" anafunsa a Telala.

"Kwezani mawu, bambo," anatero mayi. "Amayi a ndowa kumbuyoko sanamve."

"Ndati ndinazula ndine! Ndimayesa udzu. Nkhukuyi dzulo sinaponde n'komwe kuno."

Kenaka a Kalaliki anagwada bondo limodzi pafumbi, ndi buluku lawo labwino lomwe. "Pepa, mwana wanga. Ndinakuzulira nyemba, ndinakunamizanso."

Chisamba anapukuta mphuno. "Mupepesenso nkhukuyo."

A Kalaliki anatembenukira kukhwapa kwa a Telala. "Pepani, mayi," anatero. Thadziyo anawayang'ana ndi diso limodzi. Atamasulidwa, anachoka ndi ana ake osatsanzika.

Lolemba a Kalaliki anachedwa kuntchito koyamba m'zaka khumi. Anaima kutsogolo kwa kalasi, tayi ili pakhosi, n'kufotokozera ana makumi anayi chifukwa chimene kope la Chisamba linathera panjira. Kamnyamata kena kanakweza dzanja n'kufunsa ngati kwawo kulibe wamkulu wowayang'anira akamagwira khasu.

Aphunzitsi sanaseke. Anatsegula kabati n'kutulutsa tizipepala tiwiri tokulunga njere. Kamodzi anapatsa Chisamba.

"Aka n'kanu, bambo," anatero. "Mukadzale pambali pa mwanayu. Zimene simukuzimvetsa muzimufunsa."