Fainolo ya Tsiku la Sabata

Cuthbert anafika kuchipatala cha mishoni ndi dzanja lotupa, anachoka ndi nambala ya namwino. Namwinoyo anali Tikhala, mtsikana wopemphera Sabata, wosazolowera amuna a pakamwa pozuna.

"Ndimasewera tenisi kukalabu ya esiteti," anatero Cuthbert, wachiwiri kwa manijala wa fakitale ya tiyi. "Sindigonja wamba, anesi, koma maso anuwa andigonjetsa."

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Duwa langa, wadya?" "Ndikangotenga chikho, ulendo kwa amalume ako ku Masambanjati, ndikakufunsire." Tikhala ankawawerenga mpaka batire kutha. Ndani akanamudzudzula?

Vuto linali limodzi. Mpikisano wa amunawo unkachitika Loweruka lokhalokha, mushedi yakale yoyanikiramo tiyi pothawa mvula.

"Usaswe Sabata chifukwa cha ine, mtima wanga," ankatero Cuthbert. "Chikhulupiriro chakocho ndi chimene ndinakukondera."

Tikhala ankangosungunuka. Mwamuna woopa Mulungu chotere!

Tsiku la fainolo mtima unamukanika. Anazemba m'tchalitchi nyimbo ili mkati, n'kukwera njinga yamoto kudutsa m'minda ya tiyi, chikumbumtima chikumuluma.

Anapeza zinthu zitavuta. Malizani, mphunzitsi wa ku Kapichi amene ankapikisana naye, ankamuthamangitsa Cuthbert uku ndi uku mopanda chisoni. Mpira womaliza utakodwa mu ukonde, Cuthbert anamenyetsa raketi yake pasimenti katatu mpaka inathyoka.

Tikhala anathamanga n'kumukumbatira. "Usadandaule, wokondedwa. Kwa amalume tipitabe, chikho si kanthu."

Pabenchi yakutsogolo panadzuka mayi woyembekezera. "Bambo a Mwai, ameneyu ndani?"

"Sindikumudziwa, Eunice," anatero Cuthbert. "Ndi wamisala."

"Wamisala, ine?" Tikhala anatulutsa foni. "Nanga mameseji awa analemba ndani?"

Cuthbert anamumenya padzanja ndi raketi yothyoka ija, foni n'kuuluka. Kachiwiri anamumenya pakamwa. Tikhala anagwa chagada, magazi akuyenderera pabulauzi yake yoyera. Pamene Cuthbert ankakwezanso dzanja, Malizani analumpha ukonde n'kumugwetsa pansi. Zibakera zinalira, mabenchi anagubuduzika, mpaka alonda awiri anamukokera Cuthbert panja, akutukwanabe.

Amene anagwada pambali pa Tikhala anali Eunice. Anamupukuta magazi ndi nsonga ya chitenje chake, nkhope yake yotopa, yopanda ndi mkwiyo womwe.

"Pepani, mayi," anatero Tikhala movutikira, mlomo utang'ambika. "Sindinkadziwa kuti ali pabanja."

"Achemwali, ndinu a Sabata, eti?"

Tikhala anagwedeza mutu kuvomera. Misozi tsopano inayamba kutsika, ndipo mtima unkawawa kuposa bala.

"Ndinadziwa," anatero Eunice. "Ine ndimagwira ntchito ku Blantyre, kuno ndimabwera Loweruka lokha. Amachita kusankha dala a Sabata kuti tisamakumane. Inu ndinu wachitatu."