Madontho Achikasu pa Winchi

Nkhani iyi anandiuza ndi dalaivala wina amene ananditola pamsewu mapazi atatupa. Galimoto yake inali ya zija zokwera mapiri, yonyamula anamwino kupita kumidzi yopanda misewu. Titaima kuti injini ipume, ndinaona kuti bauti iliyonse kutsogolo kwake inali ndi kadontho ka penti wachikasu. Ine pakamwa sindisunga funso.

"Madala, mwafunsa za achemwali anga," anatero. "Kwerani, ndikuuzani tikuyenda."

Mlongo wakeyo ndi makaniko. Pagaraja pomwe amagwira ntchito amangomutchula kuti Mayi Sipanala. Galimoto ija itagulidwa inali yawamba, ndiye anaipereka kwa iye kuti aisandutse ya m'matope. Anaikweza ndi mashoko aatali, anaiveka matayala amano, anakweza paipi yopumira injini mpaka padenga kuti isamwe madzi. Kutsogolo anaika bampala yachitsulo, ndipo pabampalapo anamangapo winchi, makina a chingwe chawaya amene galimoto imadzikokera nawo ikatitimira.

Mwini garaja, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anali ndi lamulo limodzi. Sipanala yawo yomangira inkalira kuti tha! bauti ikalimba pamlingo wake. Ikalira, udontheze penti pabauti imeneyo nthawi yomweyo, kenako upite pa ina. Imodzi imodzi. Chifukwa chake sanauzepo munthu.

Tsiku lomaliza ntchito inachuluka. Mvula inali itagwa kumapiri, ndipo mlongo wake, dalaivala uja, amayenera kunyamuka m'mawa kukaoloka mtsinje. Anabwera madzulo n'kumamuseka.

"Achemwali, mwaipaka milomo, mwaiveka ndolo, koma idzayenda imeneyi?"

"Choka apa iwe. Ndinakusambitsa ndine, galimoto ingandikanike?"

Mayi Sipanala ali pansi pa bampala akumanga mabauti a winchi, magetsi anazima. Anatuluka kukasaka tochi, wina anamufunsa za nyale zapadenga, wina za mawaya. Pobwerera anatenga kabulashi n'kudontheza mabauti onse asanu ndi atatu a winchi ulendo umodzi, kuti nthawi isathe. Anatseka garaja mabasi atasiya kale kuyenda. Ananyamuka wapansi.

Njira yakwawo imadutsa pamlatho, pomwe nyumba zimathera. Mwezi unalipo wochepa. Akuyandikira anamva chitsulo chikulira kumbuyo. Ngwe... ngwe... ngwe.

Anaima. Nacho chinaima.

Anayenda. Ngwe... ngwe.

Anagwira sikuludiraiva m'thumba la ovolosi. Sanatembenuke. Fungo linamupeza lokha, la girisi wosakanikirana ndi matope a mumtsinje. Kenako munthu anali pambali pake, akuyenda naye phazi limodzi. Wamtali. Chipewa chophimba maso. M'dzanja atalendewetsa ngowe ya winchi. Zovala zake zikudontha madzi, chonsecho kumeneko mvula sinagwe!

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Munthuyo anangopitiriza kuyenda naye.

Anafika pakati pa mlatho. Pansi madzi akulira. Munthu uja anatsokomola, chifuwa chikumveka ngati chitini chophwanyika.

"Mmisiri wanga," anatero, "madontho ndawaona. Asanu ndi atatu."

Mayi Sipanala anaima. Munthu uja anapitiriza.

"Koma sipanala yalira kasanu n'kamodzi."

"Mu... mukuti chiyani?"

"Ine ndimawerenga. Kasanu n'kamodzi, magetsi n'kuzima."

Mphepo inadutsa. Ngowe inalira kamodzi. Ngwe!

Anatembenuka... palibe munthu! Pasimenti panali mapazi onyowa, akuthera pachitsulo cha m'mbali mwa mlatho.

Kunyumba kunali pafupi, nyale ya pakhonde ikuoneka. Thupi lonse linkati thawira kumeneko. Koma m'mutu mwake anali atayamba kale kuwerenga. Tha, tha, tha, tha. Anayi apamwamba. Tha, tha. Awiri akumanzere. Kenako mdima uja. Awiri akumanja, obisika kuseri kwa chitsulo, anangowapota ndi zala!

M'maganizo anaona mlongo wake ali pakati pa mtsinje, chingwe chitakokeka, ataima kutsogolo kwa galimoto monga amachitira. Anabwerera. Anaolokanso mlatho womwewo akuthamanga, osayang'ana kumbali.

Mwini garaja amagona kuseri kwa garajayo. Anatuluka ndi nyali atamva geti.

"Waiwala chiyani usiku uno?"

Mayi Sipanala analunjika pagalimoto. Anagona chagada pansi pa bampala, nakoleka sipanala pabauti yakumanja. Inazungulira mofewa ngati chitsekero cha botolo. Inzake chimodzimodzi. Onse awiri ali ndi kadontho kachikasu, kowala bwinobwino.

Anamanga. Tha! Anafufuta kadontho kabodza, nadontheza katsopano. Anamanga inayo. Tha! Kenako anayambiranso onse asanu ndi atatu.

"Ndinadontheza ulendo umodzi, abwana. Ndalakwa."

"Wakumbukira bwanji?"

Anawafotokozera zonse, chipewa, ngowe, madzi, chifuwa chija. Mkuluyo anaika nyali pansi pang'onopang'ono.

"Anakuitana kuti chiyani?"

"Anati mmisiri wanga."

Mkuluyo anakhala pa tayala.

"Ankanditchula choncho ine," anatero. "Anali dalaivala, mnzanga wa ubwana. Winchi yoyamba kumanga ine inali yake. Mlathowu usanamangidwe, magalimoto ankaolokera pansi pake. Anatitimira, anakoleka chingwe pamtengo, winchi inazuka yonse n'kumumenya pachifuwa. Mabauti awiri ndinali nditangowapota ndi zala. Patha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tinamuika m'manda. Penti woyamba ndinagula pochokera kumaliro."

Mayi Sipanala anayembekeza kukalipiridwa. Koma mkuluyo anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kuseka pang'ono.

"Zaka zonsezi ndimayesa amandisungira mkwiyo. Kani amangobwera kudzatiwerengera."

Kutacha dalaivala ananyamuka osadziwa kanthu. Masana omwewo galimoto inatitimira pakati pa mtsinje, madzi akufika pazitseko, m'kati muli anamwino awiri ndi mayi wodwala. Anakoleka chingwe pamtengo wa tsidya, naima pamalo ake a masiku onse. Winchi inalira, bampala inanjenjemera, galimoto inatuluka ikudontha matope. Madzulo anakauza mlongo wake monyadira kuti ndolo zija zagwira ntchito. Mlongo wakeyo anamukumbatira, kenako anamumenya kambama kuti asadzaimenso kutsogolo kwa chingwe.

"Mpaka lero tsaya limakumbuka," anatero dalaivala uja ponditsitsa pamphambano.

Ine ndayenda kwambiri, ndipo ndamva anthu otopa akuona zinthu usiku. Ndikuganiza kuti mwina mutu wa mayiyo unawerenga wokha kulira kwa sipanala, mantha n'kuuveka chipewa ndi ngowe. Za mzimu sindikutsimikiza, ndinene poyera. Chimene chimandisowetsa tulo ndi dzina lija, mmisiri wanga, poti mkuluyo sanalitchulepo kwa munthu. Koma madonthowo ndinawawerenga ndekha galimoto isanachoke. Analipo asanu ndi atatu, awiri akumanja okulirapo kuposa anzawo.