Zibangili za Ukwati wa Suk-yin

Banja la a Tsang linali lopemphera. Ankakhala m'kanyumba kopanikiza ku Sham Shui Po, bambo akugulitsa atsekwe ootcha, mayi akusoka zovala. Mwana wawo wamkazi, Suk-yin, anali pa chitomero, ndipo zibangili zagolide zodzamuveka pa ukwati zinali m'bokosi lofiira m'kabati. Mlongo wake wamng'ono, Kam-ho, ndiye mtima sunkakhala m'malo. Chaka chimenecho cha 1997, nyumba ku Hong Kong zinkakwera mtengo sabata iliyonse.

"Aise, udzafa ukununkha mafuta a tsekwe," anamuseka Fung, mnzake wogulitsa nyumba. "Ingochita lok deng, kadipoziti kakang'ono kogulira nyumba basi. Tsiku la dipoziti yaikulu lisanafike tigulitsa nyumbayo, phindu m'thumba."

Kam-ho atawauza bambo ake, iwo anaika mpeni pansi.

"Mwanangu, chilembo cholembera mawu akuti deng n'chomwe chija cha kutsimikiza mtima. Ukalipira, wadzimanga wekha. Ndalamazo uli nazo?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye khala pansi."

Sanamve. Lamlungu, onse ali kutchalitchi, anatenga zibangili zija, n'kukazisiya chikole kwa wobwereketsa ndalama, n'kukasaina pangano logula nyumba.

Mu Okutobala mitengo inagwa, wogula osaoneka. Kam-ho chakudya chinasiya kulowa. Mayi ake akangoyandikira kabati, iye ankatuluka panja. Kam-ho anathamangira kwa Fung.

"Dipoziti yaikulu ndi Lachisanu," anatero Fung. "Uli nayo?"

"Iwe unati tigulitsa!"

"Ndinatero, koma anasaina ndani? Ukalephera ndi taat deng. Yaing'ono ija yapita, ndipo mwini nyumba akusumira."

Lachisanu linadutsa. Tsiku lowombola chikole nalonso linadutsa. M'mawa wa ukwati, Suk-yin atagwada kupereka tiyi kwa makolo, mayi anatsegula bokosi lija pamaso pa akuchimuna. Munalibe kanthu. 

"Ndine," anatero Kam-ho. "Achemwali, ndikhululukireni."

Suk-yin anadzuka, mikono ili yopanda kanthu, n'kutuluka osamuyang'ana. Kalata ya kukhoti itabwera, bambo anagulitsa shopu yawo ya atsekwe kuti mwana wawo apulumuke, ndipo anakalambira pa ganyu.

Achinyamata, musabe pofuna kulemera msanga, ndipo musasaine chimene simungakwanitse. Kam-ho analapa ndithu, koma golide sanabwerere, ndipo mlongo wake anatha zaka zisanu ndi ziwiri osamulankhula.