Fupa Lomera M'khosi mwa Tokuji

Madzulo amenewo Shigeno ankakoleza moto wa madzi osamba pamene anamva mbale ikusweka m'nyumba. Anapeza mwamuna wake Tokuji akuyang'ana manja ake, mpunga uli mbwee pamphasa.

"Zala zachita dzanzi," anatero Tokuji. "Khosi nalo layamba kuuma ngati la achimwene."

Shigeno anatola zidutswa za mbale. Matazo, mkulu wake wa Tokuji, anayamba chomwechi. Khosi linauma, miyendo inayamba kukwakwaza, ndipo tsiku lina atangopunthwa pakhomo sanadzukenso. Anamwalira ali chigonere, maso okha akuyendayenda.

Chichitikire maliro aja, dzuwa likangolowa mudzi wonse unkamva kugogoda m'nkhalango ya kukachisi. Kho! Kho! Agalu ankabisala pansi pa nyumba. Odula mitengo anapeza chidole cha mapesi a mpunga chitakhomedwa pamkungudza, msomali wadzimbiri utalowa pakhosi. Chinkanunkha tsitsi lopserera.

"Ndi Haruyo akulodza banjali," anthu ananong'onezana. "Si uja Matazo anamukana ukwati kalekale?"

Haruyo anali mkazi wamasiye wa kumapeto kwa mudzi, mnzake wa Shigeno kuyambira paubwana. Anthu anamutsekera ngalande yopita kumunda wake wa mpunga. Iye anabwera kwa Shigeno akulira.

"Shigeno, nawenso ukukhulupirira?"

Shigeno anatseka chitseko. Posakhalitsa Haruyo anasamukira kwa mwana wake kuseri kwa phiri.

Koma kugogoda sikunaleke. Tokuji atayamba kulephera kudzimangira malaya, Shigeno anapita naye kuchipatala cha m'tauni. Dokotala anawaonetsa chithunzi cha khosi.

"Apa payenera kukhala mnofu womanga mafupa, koma pamera fupa. Likufinya mtsempha waukulu wa msana. Nthawi zina zimayenda m'magazi a pamtundu, mayi."

"Nanga msomali sungachititse?"

"Msomali wanji?"

Shigeno anazyolika. Patapita masiku anakwera phiri lija, mtima ukumulemera. Anapeza Haruyo atagona chagada, atawonda, nkhope ili kudenga.

"Ndani? Bwerani kutsogolo kuno, khosi langa silitembenuka."

Shigeno anagwada n'kumugwira dzanja. Linali lozizira, ndipo Haruyo sanamve n'komwe kuti wagwidwa.

"Ndine, mnzanga. Ndikhululukire."

Haruyo anatembenuzira maso okha kwa iye.

"Kodi kukachisi akukhomabe?"

"Akukhomabe."

Misozi ya Haruyo inatsikira m'makutu, popanda dzanja loipukuta.

"Bwerera kusanade, Shigeno," ananong'ona. "Kuno nako kugogoda kwayamba."