Mwala wa Odile

Odile ali ndi mwala wake. Mwalawo uli mumsewu wa kutsogolo kwa nyumba yawo. Odile sakufuna kuutaya.

Msewuwo anayala ndi bambo ake. Anayala mwala umodziumodzi, atagwada. Zaka makumi awiri ali chigwadire! Pano mawondo awo sawongoka bwino.

Miyala ya makona anayi imeneyi dzina lake ndi pave. Tsiku limene Odile anabadwa, bambo anagoba chilembo O pamwala umodzi.

Koma akuluakulu a tauni atopa nayo miyala. Akuti imagwedeza magalimoto awo. Lero kukubwera phula.

M'mawa Odile anapita kukagula buledi. Anaona keke wa makona anayi.

"Gula pave wa chokoleti, mwanawe," anatero mayi wogulitsa. "Dzinali lafika kutali. Ku England ndi dzina la timiyala ta pamphete."

Odile anakwiya. Anthu dzina akulikonda. Mwala weniweni akuukwirira.

Chigalimoto cha phula chinafika. Phula linali lakuda. Linali lotentha. Linameza mwala. Linameza wina. Linamezanso wina.

Odile anathamanga. Anakhala pansi, pamwala wake.

"Iwe kamwana, choka apo!" anakuwa woyendetsa. "Ukufuna tikuphike?"

"Sindichoka. Mwala uwu ndi wanga."

"Ha! Miyala yayamba liti kukhala ndi eni?"

Bambo anatuluka m'nyumba akutsimphina. Ananyamula chitsulo chachitali.

"Achimwene, ndipatseniko mphindi zisanu," anatero.

Woyendetsa anayang'ana mawondo a bambo aja. Anasiya kuseka.

"Ziwiri zokha, madala."

Bambo anagwada. Anakanula ndi chitsulo. Odile anakoka. Mwala unazuka! Panatsala dzenje ngati pochoka dzino.

Pofika masana msewu wonse unali bii. Ntchito ya bambo sinaonekenso. Palibe amene anati zikomo. Odile analira.

Kenako bambo anathira mchenga pakhomo. Anaika mwala uja pamchengapo. Anapatsa Odile nyundo yawo.

"Gwada apa. Menya pang'onopang'ono."

Go! Go! Go! Mwala unalowa mumchenga. Chilembo O chinali pamwamba.

"Wakhala bwino, ababa?"

Bambo anaupapasa ndi chikhatho. Anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Wapendekeka," anatero. "Zula, uyambenso."