Asilikali Asanu ndi Awiri a M'mwala wa Sikelo

Ndikakuuzani kuti asilikali asanu ndi awiri, ndi mikondo yawo ndi zishango zomwe, anatuluka m'mwala wa sikelo n'kugwetsa munthu wolungama, munena kuti ndayambanso zanga zija. Nenani, pakamwa ndi panu. Koma khalani pansi kaye mumve. Amene agwire bodza langa ndisanaliulule ndekha, ndimubereka kumsana mpaka kwawo.

Panali bambo wina wogulitsa misomali, waya, mahinjesi ndi penti m'kagolosale ka chitseko chimodzi. Anthu anawapatsa dzina loti a Mulingo, chifukwa sikelo yawo sinkadziwa chibale. Abusa akagula kilo, inali kilo. Chidakwa chikagula kilo, inalinso kilo. Banja lawo linali labwino: pemphero asanadye, mayi osoka, ndi mwana mmodzi yekha wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amene ankamutchula kuti Tizala chifukwa cha luso la zala zake. Ankatha kulowetsa ulusi pa singano akuyang'ana kumbali.

Mwina simudziwa, inenso ndinadziwira pa nkhani yomweyi. Mwala uliwonse wa sikelo uli ndi kabowo kunsi. Mmenemo amathiramo mtovu kuti kulemera kukwane ndendende, ndipo mkulu woyendera masikelo amadindapo chidindo chake. Loweruka lililonse a Mulingo ankapukuta miyala yawo ndi kansalu, n'kuitembenuza umodziumodzi.

“Ukuona apa?” ankatero kwa Tizala. “Dzina langa silili pa chikwangwani panjapo ayi. Lili kunsi kuno. Usadzakhudzepo.”

“Ndamva, ababa.”

Anamva ndi makutu. Makutu ndi zala sizikhala mudzi umodzi.

Tsiku lina Tizala anapita kukameta kwa wometa wina amene ankadzitcha Kaputeni. Munthuyo usilikali sanaulaweko, ngakhale ulonda wa pa geti. Galu akauwa ankayamba ndi iye kukwera pa mpando. Atamaliza kumeta anagwira dzanja la mnyamatayo n'kuliyang'anitsitsa.

“Zala izi n'zotolera misomali? Mphwanga, ukuziwononga. Tabwera uone.”

Kuseri kwa katani kunali chipinda. Chitseko chakale anachigoneka pa migolo iwiri, n'kuwazapo utuchi wonyika mu utoto wobiriwira. Mtsinje unali chigamba cha buluu, mapiri anali mapale, mitengo inali siponji yobaya pa waya. Ndipo pamenepo panaima tiasilikali ta mtovu, totalika ngati chala chaching'ono: uku atsamunda a majekete ofiira ndi mzinga wawo, uko ankhondo a mikondo. Aphunzitsi ena opuma ntchito ndi telala wina anali ataweramira pamenepo, tepi yoyezera m'manja, akuponya madayisi n'kumakangana ngati malire a munda.

Tizala anayasama kukamwa.

“Malamulo ndi awiri,” anatero Kaputeni. “Loyamba: msilikali wosapenta sapondapo pano. Amaliseche sapita ku nkhondo. Lachiwiri: amene wagwa ndi mkaidi wa wopambana, amalowa m'bokosi lake. Majekete ofiira ndi mzinga ndi anga. Wobwera kumene amayamba ndi mikondo.”

Anamubwereka chikombole ndi kaburashi ka tsitsi zitatu. Mtovu, anati, udzifunire wekha.

Poyamba panalibe tchimo, tisamunamizire. Tizala ankatola mitu ya mabatire akutha kwa amakanika, n'kuisungunula m'kachitini kuseri kwa nyumba. Ndipo kupenta kwake, abale inu! Ankajambula mikanda m'khosi mwa munthu wochepa ngati chiwala, mawanga a chikopa pa chishango, ngakhale diso loyera ndi kadontho kake. Aphunzitsi aja anavula magalasi n'kuvalanso. Koma Lamulungu lililonse masana mzinga wa Kaputeni unkalira, madayisi n'kugubuduzika, ankhondo okongola aja n'kulowa m'bokosi la wometa.

“Usadandaule,” ankatero Kaputeni akuwalongedza. “Mikondo imapambana ndi unyinji. Bwera ndi ambiri.”

Mayi ake anamupeza akupenta pomwe anayenera kukhala ku golosale.

“Iwe, agogo a agogo ako anathawa nkhondo imeneyi n'kukagona m'mapanga. Lero iwe ukuibweretsa pakhomo panga, pa thebulo langa losokera?”

“Amayi, n'chifukwa chake. Ndikufuna ulendo uno tipambane ife.”

“Mupambane ndani? Iwe ndi tizitsulo? Bambo ako ali okha uko, makasitomala adzaza, iwe uli pano kupaka maso pa chidole! Ndipo lumo langa laling'ono lili kuti?”

Lumolo linali litapita kukadula timakutu ta mtovu totsalira pa tiasilikali. Kwayala ya kutchalitchi imene ankaimbamo anaisiya. Ku golosale ankafika mochedwa, zala zili mbuu, n'kumapatsa munthu mahinjesi atapempha loko.

Kenako mitu ya mabatire inatha, chifukwa amakanika anazindikira kuti ili ndi ogula. Tizala anapita kwa Kaputeni manja ali lende.

“Mtovu wandisowa.”

Kaputeni anaseka mpaka kuika chipeso pansi. “Ukufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi? Miyala ya sikelo ya bambo ako, unaitembenuzapo?”

“Imeneyo ayi. Ili ndi chidindo.”

“Chidindo n'chiyani kwa munthu wojambula diso la chiwala? Tamvera. Mwala wa makilo asanu ukachotsapo kachidutswa, ukhala wa makilo angati? Asanu omwewo! Ng'ombe imachepa chifukwa nkhupakupa yayamwa? Ndiwe wosowa kazembe, mphwanga. Gulu lopanda kazembe limabalalika. Umba kazembe wa nthenga kumutu ndi omuteteza asanu ndi mmodzi, uone ngati mzinga wanga ulirenso.”

Lachitatu masana a Mulingo anapita kukaoda katundu. Tizala anatseka chitseko, n'kutembenuza mwala waukulu uja. Anayamba wadinda chidindocho pa sopo kuti asaiwale maonekedwe ake. Kenako anakolowola mtovu wonse ndi tchizulo, n'kumata m'bowomo phula lomatira magalasi a mawindo. Ndi singano ya mayi ake anajambulapo chidindo, n'kupaka utoto wotuwa, n'kuwazapo kafumbi kuti chioneke chakale. Atayang'ana ntchito yake anamwetulira. Apa ndiye pondikwiyitsa ine: sanaone kuba, anaona luso.

Loweruka a Mulingo anapukuta miyala, n'kutembenuza waukulu uja. Anauyang'ana, n'kugwedeza mutu mokhutira, n'kuubwezera. Tizala anapumira m'mwamba. Chikomekome cha mkuyu.

Kazembe anatuluka wokongola kuposa onse: nthenga zoyera, chikopa cha kambuku paphewa. Anamenya nkhondo imodzi yokha. Madayisi anagwa moipa, omuteteza asanu ndi mmodzi anathawira kuseri kwa phale n'kupulumuka, koma kazembe anagwidwa pa mtsinje wa chigamba. Kaputeni sanamuike n'komwe m'bokosi. Anamuimika pa shelefu pafupi ndi galasi lometera, kuti aliyense azimuona.

Tsono panali kalipentala wina wokhoma madenga, munthu wowerenga chilichonse mpaka masitepe a makwerero. Zaka khumi ankagula makilo asanu a misomali ya malata pa denga la nyumba ya zipinda zitatu, ndipo inkakwana n'kutsalako iwiri ya m'thumba. Tsopano anafika pa lata lomaliza misomali itatha. Denga lachiwiri, chimodzimodzi. Pa denga lachitatu anatsika n'kubwera ku golosale nyundo ili m'manja.

“A Mulingo, sikelo yanuyi yayamba kudya.”

“Mwati chiyani?”

“Ndati yayamba kudya misomali. Isanu ndi itatu, katatu konse. Kapena mwakalamba mwayamba nzeru?”

A Mulingo anasintha nkhope. Anathira misomali pa mbale, n'kuika mwala uja mbali inayo, sikelo n'kuima chilili. “Onani nokha! Zaka makumi awiri ndi zitatu sindinabereko munthu ngakhale msomali wopindika. Mwina anyamata anu ndiwo akusomola.”

Tizala anali pomwepo, akunamizira kusanja maloko.  Madzulo mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Bambo ako sanadye. Iwe ukudziwapo kanthu?”

“Ine? Ayi, amayi.”

“Wakutsina khutu ndi mnansi, mwanawe. Ngati pali chimene wachita, nena lero lisanafike mawa.”

Tizala anangodzuka n'kukagona.

Lolemba m'mawa kalipentala anabwera ndi mkulu woyendera masikelo, atanyamula kabokosi ka miyala yake yoyezera. Anthu akaona yunifomu safuna kuitanidwa. Posakhalitsa pakhomo panali pothithikana: ogulitsa makala, amayi a pa mpopi, ngakhale amene sanagulepo msomali chibadwire.

Mkuluyo anaika mwala wake wa makilo asanu uku, wa a Mulingo uko. Mbale ya a Mulingo inakwera m'mwamba.

“Haaa!” linatero khamu.

Anautembenuza, n'kuyang'ana chidindo. “Chidindochi n'changa,” anatero modabwa. Kenako anakanikiza ndi chikhadabo. Chikhadabo chinalowa ngati m'nthochi yakupsa.

“Phula! Bambo, izi si za sikelo yotopa ayi. Uku n'kuba kokonzekera, ndiponso mwanamizira chidindo. Tsekani golosale, titsagane.”

“Mkulu wa mpingo ameneyu!” anakuwa mayi wina. “Ndiye ankatiwerengera malamulo khumi!”

“A Mulingo asanduka a Mperewera!” anatero wamakala, anthu n'kuseka.

A Mulingo anaweramira mwalawo. Anayang'ana chidindo chabodzacho, ukhondo wa mizere yake, kafumbi kowaza mwaluso. M'dera lonselo zala zotha zimenezo zinali za munthu mmodzi. Anatembenuka n'kuyang'ana mwana wawo kamodzi kokha. Kenako anavula epuloni, n'kuipinda bwinobwino.

“Mwala ndi wanga, golosale ndi yanga,” anatero. “Tiyeni.”

Apo m'pamene Tizala anasweka. Akanamukalipira, mwina akanalimba mtima. Koma kuona bambo ake akusenza mlandu wake ali chete, sanathe kupirira. Anathamangira kunyumba, n'kubwera ndi kabokosi, n'kugwada pakati pa anthu.

“Bwana, asiyeni. Ndine. Mtovu wanu ndi uwu.”

Anakolowola phula lonse m'mwalamo, n'kuubwezera pa mbale. Kenako anayamba kuimikapo ankhondo ake pambali pake. Mmodzi. Awiri. Wina m'khamumo anaphulika nako kuseka. Atatu, anayi, asanu. Mbale inkatsika pang'onopang'ono. Wachisanu ndi chimodzi ataima, inatsala pang'ono kulingana, koma sinalingane.

“Wina ali kuti?” anafunsa mkuluyo.

“Kazembe anagwidwa, bwana.”

“Anagwidwa ndi apolisi?”

“Ndi majekete ofiira, bwana. Pa mtsinje.”

Mayi ake, amene anali atafika tepi ili m'khosi, anagwira mutu ndi manja onse awiri. “Ambuye, ndinabereka chiyani ine?”

Pomwepo khamu linapatuka. Analowa Kaputeni, chipeso m'thumba, mutu uli pansi. Anatambasula dzanja, n'kuimika kazembe wa nthenga zoyera pakati pa anthu ake. Sikelo inagwedezeka, n'kuima ndendende.

“Mlandu wina ndi wanga,” anatero Kaputeni. “Ndine ndinamuonetsa njira.”

Mkuluyo anawasiya a Mulingo. Miyala anailanda kuti akaithire mtovu wina, ndipo sikelo anaimanga ndi waya kwa miyezi iwiri. Tizala anamuchenjeza kuti akadzayerekezanso kujambula chidindo, akapenta makoma a ndende. Mnyamatayo anagwira ntchito kwa kalipentala miyezi iwiriyo, kunyamula malata dzuwa likuswa mtengo, mpaka zala zosalala zija zinachita zikang'a. Kuseri kwa katani sanapondekonso.

Ana inu, imvani mosabisa. Masewera si tchimo, ndipo luso ndi mphatso. Koma chimene chayamba kukubera nthawi, mawa chidzakutuma kuba katundu. Palibe kuba kwakung'ono: kachidutswa kamene ukuti sikaoneka, kunsi kwake kuli dzina la munthu amene anakulera. Ndipo wokuuza kuti ng'ombe siichepa ndi nkhupakupa, yang'anitsitsa, nkhupakupayo ndi iyeyo.

Tsono bodza lija, mwaligwira? Mukuti la asilikali a m'mwala? Ayi, amenewo ndi oona. La kalipentala wowerenga misomali? Alipo, mpaka lero akuwerenga. Ndanama pa Kaputeni. Sanabwere. Atamva phokoso anatseka chitseko, n'kuuza anthu kuti mnyamatayo ankangomudziwa tsitsi lokha. Ndinamulowetsa m'khamumo ine, chifukwa zinandiwawa kusiya sikelo ili chopendekeka. Zoona zake n'zakuti tsiku limenelo sinalingane. Kazembe akadali pa shelefu pafupi ndi galasi, ndipo a Mulingo, ngakhale mkulu uja anawasiya, mpaka lero akayeza kilo pamapezeka munthu woti, “Tatembenuzani kaye mwalawo tione.” Amautembenuza osanena kanthu, Tizala ali pambali pawo, maso pansi.